Kodi khofi amakolola kapena amathyola?

Funso: Ndikulemba nkhani ya amayi a ku Colombia otchedwa chapoleras, amene ntchito yawo ya m'minda ya khofi inasanduka mavinidwe otchuka. Kodi ndiwatche okolola khofi kapena othyola khofi? Nanga kuvina kwawoko ndi dansi kapena gule?

Yankho: Mawu akuti kukolola ndi kuthyola onse ndi Chichewa chabwino, koma sanena chinthu chimodzi. Kukolola kumanena za ntchito yonse yochotsa mbewu m'munda nyengo yake ikakwana, n'chifukwa chake timati mlimi wakolola matumba akutiakuti. Kuthyola kumanena za zimene dzanja likuchita, monga timanenera za othyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Zipatso za khofi sizipsa nthawi imodzi, moti pa nthambi imodzi pamapezeka zofiira ndi zobiriwira, ndipo wantchito amasankha zofiira zokhazokha n'kumaponya m'dengu limene wamangirira m'chiuno, zinazo n'kuzisiya kuti adzazibwerere. Popeza ovina a ku Quindío, Caldas ndi Risaralda, zigawo zolima khofi za ku Colombia, amatsanzira kayendedwe komweka, dzanja kupita ku nthambi n'kubwerera ku dengu, lembani kuti othyola khofi. Mawu akuti kukolola muwasungire mwini munda, ndipo kutola mukupewe, chifukwa owerenga angaganize za zipatso zogwa pansi.

Pa funso lachiwiri, ine ndingasankhe gule mosazengereza. Mchewa akamva dansi amaganiza za chisangalalo cha muholo kapena paukwati, pamene gule amakhala ndi zovala zake, nyimbo zake ndi mbiri ya eni ake, monga beni amene amatsanzira perete wa asilikali. Mavinidwe a chapoleras ali m'gulu limeneli: ovina amavala siketi yaitali yamaluwamaluwa, bulauzi yoyera, duku ndi chipewa choluka, ndipo anthu a kumeneko amadzidziwa nazo zimenezi, makamaka pa chikondwerero cha khofi cha m'tauni ya Calarcá ku Quindío. Dera lolima khofili bungwe la UNESCO linalilemba m'kaundula wa malo ofunika pa chikhalidwe cha dziko lonse mu 2011.

Samalaninso mgwirizano wa mawu, pakuti ambiri amaphonya apa: timati gule ameneyu, osati gule imeneyi, ndipo akachuluka timati magule amenewa. Dzina lakuti chapoleras mulisiye mmene lilili, koma mulifotokoze kamodzi pamene mwalitchula koyamba.