Shuga wa pakhungu la selo si shuga wa m'magazi

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti shuga amathandiza kachilombo ka HIV kulowa m'maselo a chitetezo, komanso ngati akunena shuga woyeza m'magazi uja. N'zoona, koma si shuga ameneyo ayi. Selo iliyonse m'thupi inakutidwa ndi timaunyolo ta shuga tomera pa mapuloteni ndi mafuta a khungu lake, tothithikana ngati ubweya. Asayansi amati ma glycan. Thupi limapanga lokha, ndipo maselo amazindikirana potengera timaunyolo timeneti.

HIV imapezerapo mwayi pamenepa. Puloteni yake yakunja, gp120, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi shuga, koma shugayo si wake. Amamatidwa ndi selo ya munthu momwe kachilomboko kanaswera, choncho kamatuluka katavala malaya athu omwe. Ma antibody, mapuloteni a chitetezo ogwira adani, akabwera amangokhudza shuga wodziwika, malo oyenera kugwira atabisika pansi pake. Ichi ndi chimodzi mwa zimene zavutitsa ofufuza katemera kwa zaka zonsezi.

Chimene chimandipweteka mtima ine ndi nkhani ya maselo a dendritic. Awa ndi alonda okhala m'khungu lofewa la m'kati mwa thupi, ntchito yawo kugwira mdani n'kukamuonetsa kwa asilikali. Ali ndi kambedza kotchedwa DC-SIGN kamene kamakola shuga wa mtundu wa mannose. Mu 2000 ofufuza a ku Netherlands anaonetsa kuti kamakolanso gp120. Tizilombo tina mlondayu amationonga ndithu, koma tina amatinyamula tamoyo mpaka kumalo amene amatupa munthu akatuluka mwanabele, komwe maselo a T otchedwa ma CD4 amasonkhana, n'kutipereka kwa maselo omwe kachilomboko kakufuna. Kambedza kena, Siglec-1, kamachita zofanana pogwira shuga wina wotchedwa sialic acid wa pachikuto cha kachilombo. Komabe shuga amangokafikitsa pakhomo. Kuti HIV ilowe m'selo ya T imafuna kugwira mapuloteni a pakhungu la seloyo: CD4 pamodzi ndi CCR5 kapena CXCR4.

Mavairasi a dengue ndi Ebola nawonso amakakamira pa DC-SIGN, pomwe wa chimfine cha influenza amagwira sialic acid wa pamaselo athu.

Malaya a shuga a HIV aja ali ndi pobooka. Anthu ena amene akhala ndi HIV kwa zaka amapanga ma antibody ogwira shuga yemweyo, monga PGT121, ndipo ena mwa amenewa ayamba kale kuyesedwa pa anthu.