Mafunso Anu: Kagemu kanga ka Commodore 64 kakukana kutseguka

FUNSO: Achimwene, ndili ndi laputopu ya Ubuntu ndipo chilankhulo cholembera mapulogalamu cha C ndimachidziwako pang'ono. Ndikufuna kupanga kagemu ka Commodore 64 koma ndikakompaila ndi gcc fayilo ija ikumakana kutseguka pa emuleta, pulogalamu yotsanzira makinawo pa laputopu. Ndikulakwitsa pati? Kapena mpaka ndigule makina enieniwo?

YANKHO: Ayi ndithu musathamangire kugula makina, vuto lili pa kompaila yanuyo ya gcc. Imeneyo ikutulutsa khodi ya purosesa ya laputopu yanu, pomwe Commodore 64 yomwe inatuluka mu 1982 ili ndi purosesa ya 6510, m'bale wake wa 6502, ndiye ziwirizi sizimvana olo pang'ono. Chofunika ndi cross-compiler, imagwira ntchito pa kompyuta yanu koma zomwe imatulutsa ndi za makina ena.

Ikani cross-compiler yotchedwa cc65, pa Ubuntu mungolemba sudo apt install cc65 basi yalowa. Kenako lembani kapulogalamu kongoti moni pa sikirini, muiwale kaye za gemu, mukompaile ndi cl65 -t c64 -O moni.c -o moni.prg ndipo fayilo ya .prg imeneyo muitsegule mu emuleta ya VICE, mbali yake ya Commodore 64 (C64) ndi x64sc. Chenjerani apa, VICE ya mu apt imabwera yopanda ma ROM a C64, mapulogalamu a mkati oyatsira makinawo, ndiye ikakana kuyaka musayambe kukayikira khodi yanu, pezani kaye ma ROM aja muwaike pomwe ikuwafuna.

Moni akaoneka m'pamene ntchito yeniyeni yayamba, chifukwa makinawa ndi ochepa zedi, memole 64KB yokha ndipo purosesa ikuyenda pafupifupi 1 MHz. Zizolowezi za pa laputopu zikupwetekani. int ya cc65 ndi ya 16 bit, ikangodutsa 32767 manambala asokonekera, float ya manambala a madesimo kulibiretu, ndipo printf imadya malo ambiri bola cputs ya mu conio.h. Komanso stack ya 6502, malo osungira zinthu kwa kanthawi, ndi ya ma byte 256 okha ndiye cc65 imasunga ina yakeyake mu memole, n'chifukwa chake ma variable a mkati mwa function amachedwetsa zinthu, ambiri amangowapanga static n'kumagwiritsa unsigned char paliponse pomwe nambala siposa 255. Khodiyo imaoneka yonyansa eya, koma imathamanga.

Ine ndimati lembani Makefile, fayilo ya malangizo okompailira, tsiku loyamba lomwe, yoti mukalemba make run ikompaile n'kutsegula VICE yokha, pakuti gemu mudzaiyesa kambirimbiri ndipo kulemba mzere wautali uja nthawi zonse kumagwetsa ulesi. Zigawo zofunika liwiro ngati kusuntha ma sprite, tizithunzi toyenda pa sikirini, mudzazilemba mu assembly, chilankhulo cha purosesa, mukazolowera, pulogalamu yake ya ca65 inabwera kale limodzi ndi cc65.

Mukadzafuna ZX Spectrum imeneyo ndi nkhani ina, purosesa yake ndi Z80, mufunika z88dk ndi emuleta ya Fuse, koma malizani kaye kagemu aka. Makina enieni a Commodore 64 mukadzawapeza, kachipangizo ka SD2IEC kamawerenga .prg yomweyo kuchokera pa khadi la SD.