Yambani ndi khoresh ya maplamu ouma

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Mwanena kuti munadya nyama ya nkhosa yophikidwa pamodzi ndi zipatso kunyumba kwa mnzanu wa ku Iran, ndipo mutayesa kuiphika nokha inatuluka yotsekemera ngati jamu, zipatso zonse zitasungunukira mu msuzi. Ine ndakhala ndikuphika ndiwo imeneyi kwa zaka zingapo, ndipo ndikuona kuti vuto lanu lagona pa zinthu ziwiri: munathira zipatso msanga, komanso simunaikemo chowawasa chokwanira.

Ku Iran ndiwo za msuzi wokhuthala zoterezi amazitchula kuti khoresh, ndipo zilipo zamitundumitundu. Pali fesenjan, ya mtedza wa walnut ndi madzi a makangaza owiritsa mpaka kulimba, palinso khoresh-e beh, ya chipatso cholimba chotchedwa quince chimene mzinda wa Isfahan umatchuka nacho. Koma inu ndikukulangizani kuti muyambe ndi khoresh-e aloo, ya maplamu ouma (zipatso zimene pa Chingerezi amati prunes), chifukwa maplamu ouma amapezeka m'masitolo akuluakulu ndipo savuta kuphika. Eni ake amakonda maplamu achikasu owawasa otchedwa aloo Bukhara, dzina lochokera ku mzinda wa Bukhara ku Uzbekistan. Akuda amene ife timagula ndi otsekemera kwambiri kuposa amenewo, choncho shuga musamuyandikire n'komwe.

Pa nyama yokwana kilogalamu imodzi, konzani anyezi atatu akuluakulu ndi maplamu okwana magalamu 200. Ngati nkhosa yasowa, mbuzi imachita bwino, makamaka ya mwendo wakutsogolo yokhala ndi fupa. Anyezi muwadule mopyapyala ndi kuwakazinga pa moto wochepa kwa mphindi 15 kapena 20, mpaka afiire bwino popanda kupserera. Pamenepa ndi pamene ambiri timalakwitsa, chifukwa tinazolowera kuti anyezi akangofewa basi tathira tomato. Kukoma kwa khoresh kumayambira pa anyezi amenewa. Akafiira, thirani supuni yaing'ono ya turmeric (ufa wachikasu wokometsera ndiwo) ndi tsabola wakuda pang'ono, kenaka ikani nyama ndi kuitembenuza mpaka mbali zonse zisinthe mtundu. Mukatero thirani madzi otentha ongokwanira kumiza nyama, ponyanimo kamtengo ka sinamoni, vundikirani, ndipo muisiye izibwata pang'onopang'ono kwa ola limodzi ndi theka. Ngati mukuphikira pa mbaula, chotsani makala ena kuti moto ukhale wodekha. Mchere muthire nyama itayamba kufewa.

Maplamu musawaike m'poto pa nthawi yonseyi. Aviikeni m'madzi ofunda kwa mphindi 20, muwatsanule, kenaka muwakazinge pang'ono m'mafuta mpaka atukumuke ndi kunyezimira. Kukazingako kumawathandiza kuti asaphwanyike. Muwaike mu ndiwo nyama itapsa kale, patatsala theka la ola kuti muphule, ndipo kuchokera apo musatakasenso ndi mthiko; ingogwirani poto ndi kumugwedeza pang'ono. Plamu lililonse liyenera kufika m'mbale lili lathunthu, lofewa moti likhoza kuphwanyika ndi supuni koma osati lophwanyika kale.

Tsopano chowawasa, chimene kwa ine ndiye mtima wa nkhani yonse. Anthu a ku Iran safuna kuti kutsekemera kupose kuwawasa, amafuna kuti ziwirizi zizikokerana pa lilime. Mukaika maplamu, finyirani ndimu imodzi, dikirani mphindi zisanu, mulawe. Ngati chimene mwayamba kumva ndi kutsekemera, onjezerani ndimu ina theka. Ine ndimalawa katatu kapena kanayi ndisanakhutire. Tsiku limene mandimu asowa ndimagwiritsa ntchito madzi a bwemba, ndipo sindichita manyazi nazo, pakuti kummwera kwa Iran, m'mbali mwa nyanja, amaphikira bwemba ndiwo yawo ya nsomba yotchedwa ghalieh mahi.

Chokometsera china cha ndiwo imeneyi ndi saffron, tiulusi tofiira ta m'duwa topereka mtundu ndi fungo. Ndi yodula, ngakhale kuti Iran ndi dziko limene limalima yochuluka kuposa dziko lina lililonse, makamaka m'chigawo cha Khorasan. Ngati mnzanuyo angakugawireni, tiulusi tongotsina ndi zala ziwiri tikwanira. Tisinjeni pamodzi ndi tinjere tochepa ta shuga, tongothandiza kusinja, mpaka tikhale ufa, thirani masupuni atatu a madzi otentha, ndipo pakatha mphindi khumi muthire mu ndiwo mutatsala pang'ono kuphula. Ngati palibe, phikani popanda. Musagule ufa wachikasu wotchipa umene amautcha dzina lomwelo, chifukwa umangopereka mtundu popanda fungo.

Mudzadziwa bwanji kuti yapsa? Eni ake amati khoresh iyenera kukhala ja oftadeh, kutanthauza kuti yakhazikika m'malo mwake. Msuzi umakhala utakhuthala, nyama ikusiyana ndi fupa mosavuta, ndipo mafuta ofiirira amayandama pamwamba ndi m'mphepete mwa poto. Ngati msuzi ukadali wamadzimadzi, vundukulani ndi kuusiya pa moto mphindi zina 10, osathiramo ufa uliwonse.

Ndiwo imeneyi amadyera mpunga woyera wosamatana, ndipo mpunga wathu wa Kilombero umagwirizana nayo bwino chifukwa cha fungo lake, bola muutsuke kangapo ndipo musauchulutsire madzi. Mnzanuyo mumufunse akuonetseni kaphikidwe ka tahdig, nkhoko za mpunga zofiirira za pansi pa poto, zimene kwawoko ndi zimene anthu amalimbirana patebulo. Ndipo ngati mukuphikira alendo, phikani khoresh dzulo lake, muisunge m'firiji, ndi kuitenthetsa pa moto wochepa tsiku lodyalo, chifukwa ikagona kuwawasa kwa maplamu kumalowerera mpaka mkati mwa nyama.