Stepper ikuphonya muyeso: kodi tiike servo?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti kuntchito kwawo ali ndi makina okoka pulasitiki n'kumadula timapaketi, ndipo mota yokokayo ndi stepper, mota yozungulira m'masitepe ang'onoang'ono owerengeka. Akamayenda pang'onopang'ono zonse zili bwino, koma akangowathamangitsa mpeni umayamba kugwera pena. Funso lawo n'lakuti: "Tigule servo, kapena VFD ingakwane popeza ndi yotsikirapo mtengo?"

Achimwene, za VFD ziiwaleni kaye. Ntchito yake ndi kukweza kapena kutsitsa liwiro la mota, ndipo pa pampu, fani kapena lamba wonyamula katundu imagwira bwino zedi. Koma inu chikukuvutani si liwiro ayi, ndi poimira.

Stepper zambiri zimatembenuka madigiri 1.8 pa sitepe iliyonse, ndiye kuti masitepe 200 kuti izungulire kamodzi. Drive, bokosi lamagetsi loyendetsa mota, imangotumiza lamulo n'kukhulupirira kuti mota yamvera. Zili ngati munthu woyenda mumdima akuwerenga mapazi: akaterereka kamodzi, amapitiriza kuwerenga ngati palibe chachitika. Tsono stepper ikamathamanga mphamvu zake zimachepa, n'chifukwa chake imaphonya masitepe pomwe inu mukufuna ntchito iyende msanga.

Servo ndi mota yokhala ndi encoder, kachipangizo ka kumbuyo kwa shafiti komwe kamauza drive pomwe mota yafikadi. Encoder ya 17-bit imagawa kuzungulira kumodzi m'tizigawo 131,072. Drive imayerekeza pomwe shafiti ili ndi pomwe imayenera kukhala, kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo ikaona kutsalira imawonjezera magetsi. Kusiyanako kukakula kwambiri imaimitsa makina n'kuonetsa alamu. Ineyo ichi n'chimene ndimaikondera, chifukwa makina oima amakupatsani mpata wokonza, pomwe stepper imatha kuwononga mpukutu wonse wa pulasitiki wina asanazindikire. Servo zambiri zimayendanso bwinobwino pa 3000 rpm (kuzungulira ka 3000 pa miniti), ndipo kwa kanthawi kochepa zimatha kutulutsa mphamvu pafupifupi katatu kuposa ya nthawi zonse. Kwa makina ongokhalira kunyamuka ndi kuima ngati anuwa, zimenezi n'zofunika.

Komabe musanatulutse ndalama, gwirani makinawo ndi manja. Zimitsani magetsi, gwedezani coupling (cholumikiza shafiti ya mota ndi ya makina), onani ngati lamba wakhwepa. Lembani mzere ndi choko pa shafiti mpaka pa pulley (gudumu loyendetsa lamba), yendetsani makina, kenako onani ngati mzerewo sunasiyane. Encoder imaona shafiti ya mota basi. Pulasitiki ikamaterereka pa marola, servo idzakuuzani kuti zonse zili bwino mpeni ukudulabe pena. Ngati pulasitikiyo ndi yosindikizidwa, pafunika sensa yowerenga kachizindikiro kakuda ka m'mphepete kaja, kuti muyeso uzikonzedwa pa paketi iliyonse. Yesaninso kuuza stepper yomweyo kuti izinyamuka mwapang'onopang'ono osati modzidzimutsa. Nthawi zina vuto limathera pomwepo.

Mukatsimikiza kuti ndi servo basi, musasankhe poyang'ana ma kilowati okha. Kulemera kwa zozungulira zonse, marola ndi ma pulley, kuyenera kugwirizana ndi mota. Amisiri ambiri amayesetsa kuti inertia (kuvuta kwa chinthu kuti chiyambe kapena chisiye kuzungulira) ya katundu isapose ya mota kakhumi. Ikaposa, amaikapo giyabokosi. Mukapanda kutero mota imanjenjemera ndi kulira ikaima, ndipo mudzatha tsiku mukusintha gain (manambala a mu drive onena mphamvu yokonzera kutsalira) osaphula kanthu.

China chomwe chimadabwitsa ambiri ndi alamu ya overvoltage (magetsi opitirira muyeso) poimitsa. Mota ikamachepetsa liwiro mwadzidzidzi imasanduka jenereta n'kubweza magetsi mu drive, ndiye pamafunika braking resistor yoti iwasandutse kutentha. Funsani ogulitsa ngati ya m'kati mwa drive ingakwane.

Mota, drive ndi zingwe gulani za kampani imodzi, kaya Yaskawa, Siemens, Delta kapena Mitsubishi Electric, chifukwa encoder ya kampani ina kawirikawiri simvana ndi drive ya ina. Chingwe cha encoder chidutse pachokha, kutali ndi zingwe za magetsi amphamvu, ndipo muonetsetse kuti PLC yanu (kakompyuta kolamulira makinawo) ikhoza kulankhulana ndi drive yatsopanoyo, kaya ndi ma pulse (tizizindikiro ta magetsi) monga ikuchitira pano kapena kudzera pa netiweki ya makina yotchedwa EtherCAT.