Tizilumba ta pa Kariba, kodi tingatsikepo?

Funso: Zikomo amalume. Ine ndimakhala ku Mufakose ku Harare, makolo kwawo ndi ku Mangochi koma ndabadwira konkuno. Gulu lathu la chipereganyu tasonkha kangachepe tikufuna pa Khisimisi tikakwere houseboat (boti lokhala ndi zipinda zogona) pa nyanja ya Kariba masiku atatu, nde oyendetsa ake pa foni akuti tizikagona pa zilumba. Amayi ena mgulumu akuti tikatsike tikaotche nyama ana azikasambira ngati mmene tinachitira pa Thumbi ku Cape Maclear. Zitheka zimenezi? Mayi wa ku Mufakose

Yankho: Mayi, nyamayo mukaotchere mbotimo, koma zosambira zokhazo iwalani, ng'ona za pa Kariba sizicheza ndipo zimakonda pompo pamene madzi akuoneka osaya komanso abata.

Thumbi, Domwe ndi Mumbo ndi zilumba za miyala zakalekale, madzi ake oyera mbee mumaona mbuna pansi. Za ku Kariba nzina. Nyanja ija ndi yochita kupanga, anatseka mtsinje wa Zambezi kumapeto kwa 1958, madzi nkumeza chigwa chonse mpaka Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa, nde zomwe mukuzitcha zilumbazo ndi nsonga za timapiri tomwe madzi analephera kukwirira. Nyama zinathawira pamwamba pomwepo, woyang'anira nyama zakutchire Rupert Fothergill ndi anzake nkumazipulumutsa pa maboti mu ntchito ija ankaitcha Operation Noah, zinapulumuka zoposa 6,000. Chilumba cha Fothergill dzina lake linachokera pamenepo.

Tsono poti ndi timapiri tomira, timakula ndi kuchepa malinga ndi madzi. Chaka cha chilala ngati 2024, magetsi akutivuta kuno ku Harare chifukwa madzi anatsika ku damuko, malo omwe boti limadutsa bwinobwino amasanduka dambo la udzu, Fothergill amalumikizana ndi kumtunda kwa paki ya nyama ya Matusadona njovu ndi njati nkumangoyenda wapansi kulowa. Ngakhale madzi atadzadza njovu imasambira ndithu, chitamba chokha chili mmwamba. Ndiye munthu utsike ndi mbale ya nyama mwana ali kumbuyo eti?

Ntchito yeniyeni ya tizilumbati ndi kulozera njira ndi kubisalirako mphepo. Nyanjayi kutalika kwake kupitilira makilomita 220, mukakhala pakati gombe lonse limangofanana, nde oyendetsa amawerenga zilumba ngati mmene kondakitala amawerengera siteji. Mukangotuluka padoko ku Kariba mumaona chilumba cha Antelope chapafupi, kenako mpata wautali wa madzi okhaokha maola angapo, Spurwing ndi Fothergill zikayamba kuoneka ndiye kuti mwayandikira Matusadona. Ndipo Disembala ndi nthawi ya mvula, namondwe amangobuka masana dzuwa likuswa mtengo, amene anaonapo mwera pa nyanja ya kwathu akudziwa zomwe ndikunena. Oyendetsa wanzeru amathawira kuseli kwa chilumba komwe mafunde safika.

Zogona pa chilumba zomwe akuuzanizo sikuti muyala mphasa pamchenga ayi. Dzuwa likapendeka amalowetsa mphuno ya boti pagombe, anyamata nkudumpha ndi zingwe kumangilira ku mitengo kapena zikhomo mbali zonse, inu mumagona mmwamba momwemo mukumva mvuu zikulira pansi, patali magetsi a asodzi a tinsomba ta kapenta ali ngwee ngati tauni yoyandama. Usiku sayenda. Mozungulira zilumbamo mwadzadza mitengo youma yomwe inamira nthawi imene ija, ina ili njo pamwamba mbalame zitaterapo, ina yabisala pansi pang'ono chabe, ndi imeneyo imathyola pulopela ya timaboti tating'ono timene amakoka kumbuyo topitira kokawedza. Musalole mnyamata wanu woti anayendetsapo kamodzi pa damu la Chivero kuti atenge kaboti yekha.

Musanalipire afunseni kuti mudzagona pati usiku uliwonse, ngati ma life jacket a saizi ya ana alipo, komanso ngati ndalama za ZimParks (bungwe loyang'anira mapaki a nyama ku Zimbabwe) zili mumtengo womwewo kapena nzapadera, poti zambiri mwa zilumbazi zili mmanja mwawo ndipo chilolezo chowedza amalipilitsa pachokha. Malire ndi Zambia adutsanso pamadzi pomwepo, chilumba ngati Chete ndi cha mbali inayo. Ana akalilira madzi, maboti ambiri ali ndi kadziwe kakang'ono pamwamba, funsani ngati lanulo lili nako.