Kampani ya banja ilibe vuto, koma funsani amene adzaime pamalopo

Achemwali, mwandikanda pachilonda. Mwati kampani ya banja imene ikufuna kuyang'anira ntchito yomanga nyumba yanu ili ndi mbiri yakalekale, ndiye mukufunsa ngati mungaidalire. Mbiri yokhayo musainyadire, mvereni kaye zanga.

Imene inagwira nyumba yanga inayambitsidwa ndi mdala wina amene anayamba ngati mmisiri woyala njerwa, kenako n'kukhala kapitawo, mpaka anatsegula kampani yakeyake. Mdalayo palibe womunenera zoipa. Nyumba zimene anamanga ali mnyamata zilipo mpaka lero ndipo simungapeze mng'alu. Pa pepala lawo analemba zonse zimene makampani oterewa amachita: kuwerengera ndalama zimene ntchito idzadye, kukonza ndondomeko ya chimene chiyambe ndi chimene chitsatire, kupeza amisiri a magetsi, a mipope ndi a denga, kugula zipangizo, kuyang'anira kuti zonse zikutsata pulani, ndi kukupatsani lipoti. Ntchito yawo yeniyeni ndi kukhala maso anu pamene inu mulibe. Mumawalipira kuti akhale mbali yanu, osati mbali ya amisiri.

Koma mdala anali atapuma pantchito. Woyendetsa zinthu anali mwana wake wachisamba. Kapitawo anali msuweni wa mwanayo, wosunga mabuku a ndalama anali mkazi wake, ndipo simenti ndi zitsulo ankagula kwa mlamu wake. Ndiye tandiuzani, zinthu zikalakwika, adzudzule mnzake ndani pamenepo?

Zinavuta pa silabu ya chipinda cham'mwamba. Amene munamangapo mukudziwa kuti konkire imafika pa mphamvu yake yoyenera pakatha masiku 28. Pa masiku 7 imakhala itangofika pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndipo sabata yoyambayo imafuna kuthiriridwa madzi kuti isaume msanga. Silabu ikakhala yotambalala, mitengo yochirikiza pansi imayenera kukhala masabata awiri kapena kuposa. Ine ndinafika madzulo ena sabata isanathe, n'kupeza lole itaima pakhomo, anyamata akukweza mitengo ija. Akuti ikufunika ku ntchito ina ya kampaniyo. Ndinalowa m'kati mtima ukugunda. Kuyang'ana m'mwamba, mng'alu wachoka pakona mpaka pakati, ndipo pakatipo silabu yalendewera moti ngakhale mwana akanaona. Kafumbi ka simenti kankandigwera pamkono. Madzi a mvula amene anadikha pamwamba ankadontha kudzera mumng'alu uja, dontho limodzilimodzi, pansi pataoneka kale kadziwe. Nditakwera pamwamba ndinapeza ataunjikapo kale mulu wa mabuloko, pakati penipeni pomwe palendewerapo. Ndipo pansi pake panali kamnyamata kena kantchito, katakhala pa wilibala kakutsuka mafosholo, kosadziwa kalikonse. Ndinakakuwira kuti katuluke, mawu anga mpaka anasasa. Manja ankanjenjemera moti foni ndinalephera kuitsegula. Mwana wa mdala uja osayankha. Kapitawo anangobwera manja ali m'thumba n'kunena kuti, "Zimatero izi amayi, tikapaka pulasitala sizidzaonekanso." Pulasitala! Pamalo pomwe ana anga amayenera kudzagona pansi pake!

Ndinaitana injiniya wapadera, wosadziwana nawo. Atagoba pang'ono anapeza kuti pomwe pulani inati zitsulo za Y12, zonenepa mamilimita 12, iwo anaika Y10, za mamilimita 10, ndiponso motalikirana kuposa muyeso. Malo ena zitsulo anangozigoneka pa matabwa popanda tozikweza, ndiye zinkaonekera kunsi, zitayamba kale dzimbiri. Konkire yake ukaikanda ndi msomali inkangoyoyoka. Anyamata antchito anaulula okha kuti m'malo mwa muyeso wa 1:2:4, kutanthauza gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga ndi anayi a miyala, ankauzidwa kuti aziwonjezera mchenga kuti thumba la simenti lifike patali. Koma malisiti amene ndinalipira analemba Y12, ndi matumba onse a simenti okwanira. Malisitiwo analemba ndi mlamu, anavomereza ndi mkazi, anasainira ndi mwamuna.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi mawu amene mnyamatayo ananena titakumana. Akuti, "Tikambirane ngati abale, nkhaniyi isapite patali." Abale ake a ndani? Pomwe ankadya ndalama zanga ndi abale ake enieni anandiitana? Munthu wayenda pa dzina la bambo ake, dzina limene mdala anakhetsera thukuta moyo wake wonse, iye n'kumaligulitsa motchipa chonchi. Pamalo pantchito ankangofika n'kutsitsa galasi la galimoto, kufunsa kapitawo ngati zonse zili bwino, n'kubwerera. Nsapato zake sizinapondepo matope a pamalo panga. Ndipo sanapepese. Anayamba kunamizira mvula, kenako simenti ya masiku ano, kenako anyamata antchito osauka aja amene ankangotsata zimene auzidwa.

Amene anathetsa nkhani ndi mdala mwini. Ndinamufunafuna mpaka ndinamupeza, ndipo anabwera ndi ndodo yake yoyendera. Anaima pansi pa silabu ija, anaigogoda ndi ndodoyo malo angapo akumvetsera, osalankhula. Kenako anatembenukira mwana wake n'kunena mawu amodzi okha, "Gwetsa." Anagwetsadi n'kuthiranso ina pa ndalama zawo, ndipo ulendo uno mdala ankabwera yekha m'mawa uliwonse kudzawerenga zitsulo. Koma lendi imene ndinapitiriza kulipira nyengo yonse ya mvula, ndi chiwongoladzanja cha ngongole, palibe anandibwezera.

Ndiye achemwali, sindikuti thawani kampani ya banja ayi. Kunena zoona, nditati ndimangenso ndikhoza kusankhabe ya banja kusiyana ndi ija yopanda nkhope, imene ikalakwitsa imangotseka n'kutsegulanso ndi dzina lina. A banja dzina ndi lawo, ali ndi manyazi, ndipo muli ndi khomo loti mukagogode. Koma musadalire munthu aliyense pa nkhani ya simenti, ngakhale akhale waulemu bwanji. Funsani mosabisa kuti amene adzakhale pamalo tsiku ndi tsiku ndani, ndipo dzina lake lilembedwe mu kontirakiti. Akakuonetsani nyumba zimene anamanga bambo awo, nenani kuti mukufuna kuona zimene amanga ana zaka zaposachedwa, ndipo mukacheze ndi eni ake paokha, a kampani kulibe.

Musayambe opanda BOQ, chikalata chija chimene chimatchula chilichonse, kuchuluka kwake ndi mtengo wake. Lipirani m'magawo, maziko akatha, makoma akatha, denga likatha, ndipo ndalama zizipita ku akaunti ya kampani, osati m'manja mwa wachibale. Mu kontirakiti mukhale ndime yoti mudzasunga kagawo ka ndalama, nthawi zambiri 5 kapena 10 pa 100 iliyonse, mpaka itadutsa miyezi 6 kapena 12 yoonera ngati pali zowonongeka. Chilichonse chosintha pa pulani chilembedwe ndi kusainidwa ntchitoyo isanachitike, za pakamwa kanani. Funsaninso kuti zipangizo amagula kwa ndani, ndipo ngati ndi wachibale, pezani mitengo kwa ogulitsa ena mufananize. Onani chiphaso chawo ndi inshuwalansi, osangomva kuti zilipo.

Chachikulu, injiniya wanu akhale wanuwanu, womulipira inu. Asathire konkire ya maziko kapena ya silabu iye asanaone zitsulo ndi maso, chifukwa zikakwiririka simudzazionanso. Inuyo mujambule zithunzi tepi yoyezera ili pambali pa zitsulozo. Auzeni atengeko konkire pang'ono tsiku lothira ikayezedwe mphamvu pa masiku 7 ndi pa masiku 28, ndipo mitengo yochirikiza isachoke injiniyayo asanalembe kuti ichoke. Ngati mwini woyambitsa kampaniyo adakali moyo, pitani mukaonane naye musanasaine, ndipo nambala yake ya foni mukhale nayo.