Akuikirani tayala losiyana saizi, muyende nalo?

Achimwene, mwati kogula matayala akuikirani limodzi la 185/65 R15 pomwe ena atatuwo ndi 195/65 R15, ndiye mukufunsa ngati galimoto ingayende choncho. Ingayende, koma ulendo wake ukhale wobwerera komweko kuti akasinthe, osati wa Lilongwe mpaka Blantyre.

Tayala la 195/65 R15 ndi lalitali pafupifupi mamilimita 634, pomwe la 185/65 R15 ndi 621. Mamilimita 13 amaoneka ochepa, koma laling'onolo limazungulira mofulumira kuposa linzake. Likakhala kutsogolo, galimoto imakokera mbali imodzi, makamaka mukaponda mabuleki mwadzidzidzi pamsewu wonyowa. Masensa a ABS (chipangizo choletsa mawilo kuumiratu mukaponda mabuleki mwamphamvu) nawo amawerenga liwiro losiyana, nthawi zina nyali yake n'kuyaka. Likakhala pa mawilo okoka galimoto, difu (chipangizo chogawira mphamvu ya injini ku mawilowo) imagwira ntchito ngati mukukhota ulendo wonse, ndipo imatentha n'kutha msanga. Ngati yanu ndi ya AWD (yokoka ndi mawilo onse anayi), monga Subaru Forester, musazengereze n'komwe kukasinthitsa, chifukwa zoonongeka kumeneko mtengo wake umaposa wa matayala onse anayi.

Pakadali pano, ngati galimoto imakoka ndi mawilo akutsogolo ngati Corolla, tayala losiyanalo lipite kumbuyo. Musapyole makilomita 80 pa ola, musanyamule katundu wolemera, ndipo siyani mpata wokwanira ndi galimoto yakutsogolo.

Saizi yoyenera yalembedwa pa sitika ya pachitseko cha dalaivala. Pitani ndi lisiti, ndipo akasintha muwerenge nokha manambala pa matayala onse anayi musanachoke, kuphatikizapo zomalizira zija monga 91H, zonena za kulemera ndi liwiro zimene tayala lingapirire.